MITENGO YA MALAPUTOPU A MASEWERO: DZINA LA PA BOKOSI SILINENA ZONSE

Mwezi wa Januwale caka ciliconse makampani opanga makompyuta amasonkhana mu mzinda wa Las Vegas, m'dziko la America, pa cionetsero ca zipangizo zamagetsi cochedwa CES. Kumeneko ndi kumene amalengeza makina amene adzafika m'masitolo m'miyezi yotsatira, pamodzi ndi mitengo yake. Pakati pa makina amene acinyamata amawayembekezera mwacidwi pali malaputopu a masewero, ndiye kuti makompyuta onyamula m'manja amene anapangidwa ndi mphamvu zokwanira kuyendetsa masewero a zithunzi zoyenda. Makina amenewa sagulidwa ndi osewera okha ai. Ophunzira za uinjiniya, ojambula mapulani a nyumba ndiponso okonza mafilimu amawafuna cifukwa ca mphamvu zomwezo, ndipo kawirikawiri ndalama zogulira zimacokera m'thumba la makolo amene sadziwa tanthauzo la manambala olembedwa pa bokosi.

Pa 6 Januwale 2025, Bambo Jensen Huang, mkulu wa kampani ya Nvidia, analengeza pa cionetseroco mtundu watsopano wa tizipangizo tojambula zithunzi, tochedwa GeForce RTX 50. Kacipangizo kotere, kamene amisiri amakachula GPU, ndiko mtima wa laputopu ya masewero, pakuti ndiko kamene kamawerengera ndi kujambula ciliconse cimene maso aona pa sikirini. Kampaniyo inanena kuti laputopu yokhala ndi RTX 5070 idzayambira pa madola 1,299, ya RTX 5070 Ti pa madola 1,599, ya RTX 5080 pa madola 2,199, ndipo ya RTX 5090, imene ili pamwamba pa onse, idzayambira pa madola 2,899. Pambuyo pake m'caka comweco munabwera RTX 5060 pa madola 1,099 ndi RTX 5050 pa madola 999.

Pa nthawi ya cilengezoco dola imodzi inali kugulidwa ndi makwacha oposa 27. Motero laputopu ya RTX 5070 inali kufuna ndalama zoposa K35,000, pamene ya RTX 5090 inali kupitirira K78,000, ndipo apa n'kuti katunduyo akali m'sitolo ya ku America. Mitengo ya kumeneko imalembedwa popanda msonkho wa pogula. Wofuna kubweretsa makinawo ku Lusaka kapena ku Chipata ayenera kuonjezapo ndalama za ndege, phindu la wamalonda, ndi msonkho wa VAT umene muno mu Zambia uli 16 peresenti pa katundu wambiri.

Koma liwu lofunika kwambiri pa cilengezo conse linali lakuti "kuyambira". Nvidia sipanga malaputopu. Imagulitsa tizipangizo take kwa makampani monga ASUS, Lenovo, MSI, Acer, HP, Dell ndi Razer, ndipo makampaniwo ndiwo amaika mtengo womaliza. Makinawo atafika m'masitolo kumapeto kwa Marichi 2025, ambiri okhala ndi RTX 5090 anali kugulitsidwa pa madola 4,000 kapena kuposa apo. Misonkho yatsopano imene boma la America linaika pa katundu wocokera ku China inaonjezera vutolo, ndipo mu Febuluwale 2025 mkulu wa Acer, Bambo Jason Chen, ananena poyera kuti kampani yake idzakweza mitengo ya malaputopu ku America ndi 10 peresenti.

DZINA LIMODZI, MPHAMVU ZOSIYANA

Cinthu coyamba cimene cimasokeretsa ogula ndi dzina lenilenilo. Pali RTX 5090 ya mu kompyuta yaikulu ya pa tebulo, ndipo palinso RTX 5090 ya mu laputopu, koma ziwirizi si cinthu cimodzi. Ya pa tebulo ili ndi timagawo towerengera tokwana 21,760, memori ya 32GB, ndipo imadya magetsi okwana mawati 575. Ya mu laputopu ili ndi timagawo 10,496 ndi memori ya 24GB. Kunena zoona, imafanana kwambiri ndi RTX 5080 ya pa tebulo, imene ili ndi timagawo 10,752, ngakhale kuti siipeza pa liwiro cifukwa imapatsidwa magetsi ocepa. Munthu amene waona filimu ya pa intaneti yoonetsa mphamvu za RTX 5090 ya pa tebulo, n'kukagula laputopu ya dzina lomwelo, wagula makina ena.

Nkhani siithera pomwepo. Ngakhale malaputopu awiri okhala ndi kacipangizo kamodzimodzi angathe kusiyana kwambiri pa liwiro, ndipo cifukwa cake ndi magetsi. Nvidia imalola wopanga laputopu kusankha kuculuka kwa mawati amene adzapatsa kacipangizoko. RTX 5070 ingapatsidwe mawati 50 okha kapena kufika pa 100. RTX 5070 Ti imayenda pakati pa mawati 60 ndi 115, RTX 5080 pakati pa 80 ndi 150, ndipo RTX 5090 pakati pa 95 ndi 150. Pamwamba pa izi pali njira yochedwa Dynamic Boost, imene imabwereka mawati ena kucokera ku purosesa pamene purosesayo ilibe nchito yambiri, kotero kuti makina aakulu amafika pa mawati 175. Kacipangizo kopatsidwa magetsi ocepa kamagwira nchito pang'onopang'ono, monga mmene ng'ombe yosadya mokwanira imakokera khasu. Ndiye cifukwa cake laputopu yopyapyala ya dzina lapamwamba nthawi zina imalingana cabe ndi laputopu yokhuthala ya dzina lotsikirapo, cikhalireco mitengo yake ikusiyana ndi madola mazana angapo.

Wina angafunse kuti n'cifukwa ninji opanga sapatsa makina onse magetsi okwanira. Yankho lake ndi kutentha. Wati iliyonse imene kacipangizo kadya imasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kuturutsidwa msanga kupyolera m'timapaipi ta mkuwa ndi mafani. Citsulo cimene dziko lino limakumba ku Copperbelt ndi ku Solwezi n'camtundu womwewo umene umagwira nchito imeneyi, pakuti mkuwa umatenga kutentha bwino koposa zitsulo zambiri. Timapaipi ndi mafani aakulu amafuna malo, ndipo amalemera. MSI Titan 18, imodzi mwa makina aakulu koposa, imalemera makilogalamu 3.6 ndipo chaja yake ndi ya mawati 400, pamene ASUS ROG Zephyrus G14 imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Wofuna kupepuka amalipira ndi liwiro, ndipo kawirikawiri amalipiranso ndi ndalama, popeza kupanga makina opyapyala kumadula.

Kale opanga ambiri sanali kulemba nambala ya mawati pena paliponse, ndipo ogula anali kuidziwa atafika kale kunyumba. Madandaulo ataculuka, mu 2021 Nvidia inalamula kuti makampani azilemba nambalayi pa masamba ofotokoza makina awo. Imalembedwa ndi zilembo zakuti TGP, kawirikawiri pansi penipeni pa mndandanda, m'malemba aang'ono. Pa cikwangwani ca m'sitolo sipezeka kawirikawiri, ndipo si wogulitsa aliyense amene amaidziwa. Wogula wanzeru amatenga nambala yonse ya mtundu wa laputopuyo, imene imalembedwa kunsi kwake kapena pa bokosi, n'kukaifufuza pa tsamba la kampani imene inaipanga asanaturutse ngwee.

Pamwamba penipeni pa mndandanda ndi pamene ndalama zimapita zambiri pogula phindu locepa. Popeza RTX 5080 ndi RTX 5090 zonse ziwiri zimathera pa mawati 175, akatswiri amene anaziyesa mu 2025 anapeza kuti kusiyana kwa liwiro lake m'masewero kunali kocepa poyerekeza ndi kusiyana kwa mitengo. Cimene RTX 5090 imapambana naco kwenikweni ndi memori yake ya 24GB, imene ili yofunika kwa okonza mafilimu aakulu ndi ocita kafukufuku, koma wosewera wamba sangaidzaze.

MEMORI YA ZITHUNZI NDI SIKIRINI

Kacipangizo kojambula kali ndi memori yakeyake, yosiyana ndi memori ya laputopu yonse, ndipo m'menemo ndi mmene mumasungidwa maonekedwe a makoma, udzu, nkhope ndi zovala za m'sewero pamene likuyenda. RTX 5050, RTX 5060 ndi RTX 5070 zinaturuka zonse zili ndi 8GB. RTX 5070 Ti ili ndi 12GB ndipo RTX 5080 ili ndi 16GB. Memori imeneyi imamatiridwa pa bolodi ku fakitale, ndipo palibe mmisiri amene angaionjezere pambuyo pake. Ikadzaza, sewero limayamba kudodoma, zithunzi zimacedwa kuoneka bwino, ndipo wosewera amakakamizika kucepetsa ubwino wa maonekedwe. Masewero aakulu a zaka zino ayamba kale kufika pa malire a 8GB akaikidwa pa maonekedwe apamwamba. Pa cifukwa cimeneci, madola 300 amene anasiyanitsa RTX 5070 ndi RTX 5070 Ti pa mitengo yolengezedwa mu 2025 anali ndalama zomveka koposa pa mndandanda wonse kwa munthu amene afuna kuti makina ake amutumikire zaka zinai kapena zisanu.

Sikirini nayo imalowa m'nkhani yomweyi. Malaputopu ochipa amabwera ndi sikirini ya timadontho 1920 m'litali ndi 1200 kapena 1080 m'lifupi, pamene odula a mainchi 16 ali ndi 2560 ndi 1600. Yoyambayo ili ndi timadontho toposa pang'ono mamiliyoni awiri, yaciwiriyo toposa mamiliyoni anai, ndipo kadontho kalikonse kayenera kujambulidwa ndi kacipangizo komweko. Sikirini yokongola yoikidwa pa kacipangizo kofooka ili ngati ngolo yaikulu yomangidwa pa bulu mmodzi. Nambala ina yolembedwa ndi zilembo zakuti Hz, monga 144, 165 kapena 240, imanena kuti sikiriniyo ingasinthe cithunzi kangati pa sekondi imodzi, koma ilibe phindu ngati makinawo sangathe kupanga zithunzi zoculuka motero. Masikirini a OLED amaonetsa mitundu yowala ndi mdima weniweni, ndipo amakweza mtengo.

Pa kuwerenga zithunzi za pa sekondi palinso cina cofunika kusamala naco. Pamodzi ndi RTX 50, Nvidia inabweretsa njira yochedwa DLSS 4, imene pa cithunzi cimodzi ciliconse cojambulidwa mwa masiku onse imapekapo zina zofika pa zitatu mwa kuyerekezera. Manambala aakulu amene amaoneka pa zolengeza malonda kawirikawiri amawerengera ndi zithunzi zopekazo. N'zoona kuti sewero limaoneka losalala, koma dzanja la wosewera silimva kufulumira kolingana ndi nambalayo, ndipo njirayi imagwira nchito m'masewero okhawo amene anakonzedwa kuilandira.

Za purosesa sizifuna mau ambiri. Makina apamwamba a 2025 anabwera ndi Intel Core Ultra 9 275HX kapena AMD Ryzen 9 9955HX3D, ndipo onse awiri ali ndi mphamvu zoposa zimene masewero ambiri amafuna. Amalonda ena amakonda kuika purosesa ya dzina lalikulu pamodzi ndi kacipangizo kojambula kotsika, podziwa kuti ogula ambiri anazolowera kufunsa za "i7" ndi "i9" basi. Pa masewero, ndalama zotere zapita kosayenera.

ZIMENE ZINGASINTHIDWE, NDI MTENGO WAKE WATSOPANO

Pali zigawo ziwiri zimene mwini laputopu angasinthe pambuyo pogula, ndizo RAM, imene ili memori yogwirira nchito ya makina onse, ndi SSD, mosungira masewero ndi mafaelo. Malaputopu ochipa ambiri amagulitsidwa ndi RAM ya 16GB ndi SSD ya 512GB kapena 1TB. Malo a 512GB amaoneka ambiri kufikira munthu atayamba kuikamo masewero. Baldur's Gate 3 imafuna 150GB, Black Myth: Wukong imafuna 130GB, ndipo Starfield imafuna 125GB. Masewero atatu amenewa pamodzi ndi Windows adzaza kale makinawo. Mwamwai malaputopu ambiri a mainchi 16 ndi 18 ali ndi malo aciwiri oikamo SSD ina.

Kwa zaka zambiri malangizo a amisiri anali akuti munthu agule makina a RAM yocepa, adzaonjezere yekha m'tsogolo pa mtengo wotsika. Malangizo amenewa tsopano afunika kuwaonanso bwino, pa zifukwa ziwiri. Coyamba n'cakuti malaputopu opyapyala ambiri, monga Zephyrus G14 ya kuyambira 2024 ndi Razer Blade 16 ya 2025, ali ndi RAM yomatirira pa bolodi. Amene wagula ya 16GB adzakhala ndi 16GB kufikira tsiku limene makinawo adzatayidwa. Makina okhuthala, monga a Lenovo Legion Pro ndi ASUS ROG Strix, akali ndi timipata tiwiri tolowetsamo RAM, ndipo mmisiri aliyense wodziwa nchito angaisinthe m'mphindi zowerengeka.

Caciwiri ndi mtengo wa memoriyo. Pafupifupi memori yonse ya mtundu umenewu pa dziko lapansi imapangidwa ndi makampani atatu okha, Samsung ndi SK hynix a ku South Korea, ndi Micron ya ku America. M'miyezi yomaliza ya 2025 mitengo ya RAM inakwera koopsa, cifukwa makampani omanga nyumba zikuluzikulu za makompyuta a nzeru zopangidwa ndi anthu, zimene ambiri amazichula AI, anali kugula memori yoculuka pa mitengo yapamwamba, ndipo mafakitale anatembenukira kumene kuli phindu. Pa 3 Disembala 2025 kampani ya Micron inalengeza kuti ileka kugulitsa RAM ndi SSD za dzina la Crucial kwa anthu wamba, dzina limene amisiri okonza makompyuta analidalira kwa zaka pafupifupi 30. Memori yomweyo ndi imene imalowa m'malaputopu atsopano, conco kukwera kwake kumafika pa mtengo wa makina athunthu. Wogula amene wapeza laputopu ya 32GB pa mtengo wosasiyana kwambiri ndi ya 16GB sayenera kuganiza kuti adzaonjezera mochipa caka camawa.

MAGETSI, FUMBI NDI CHAJA

Pali cikhulupiriro cakuti laputopu ndiyo yankho pa vuto la kuthima kwa magetsi, ndipo cikhulupiriroci cinakula mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo bungwe la ZESCO linali kuthimitsa magetsi maola oposa 17 pa tsiku m'madera ambiri. Pa nchito zolemba ndi kuwerenga, cikhulupiriroci n'coona. Pa masewero si cotero. Malamulo a ndege salola batire yoposa 100Wh kunyamulidwa popanda cilolezo capadera, motero opanga onse amathera pa 99.9Wh, ndipo makina ochipa ali ndi batire yaing'ono kuposa apo. Masamu ake ndi apafupi: makina amene amadya mawati 200 angamalize batire yotere mu theka la ola. Pofuna kupewa zimenezi, laputopu ikacotsedwa ku magetsi imacepetsa yokha liwiro lake, ndipo ngakhale itatero sewero lolemera silipitirira ola limodzi kapena awiri. Banja limene limadalira sola liyenera kuwerengeratu ngati invata yake ingapirire chaja ya mawati 280 kapena 330 pamodzi ndi firiji ndi wailesi yakanema.

Kutentha kwa mwezi wa Okutobala ndi fumbi la m'cilimwe zimavutitsanso makina amenewa kuposa laputopu wamba, cifukwa mafani ake amakoka mpweya wambiri. Fumbi likatseka njira za mpweya, tizipangizo timatentha ndi kucepetsa liwiro tokha, ndipo mwini wake amayamba kudandaula kuti makina akalamba pamene afuna kupukutidwa cabe. Laputopu imene cotsekera cake ca pansi cimatseguka mosavuta ili ndi mwai waukulu wokhala zaka zambiri kuno.

Nanga onse afunika makina a madola zikwi zitatu? Sewero la mpira limene acinyamata ambiri akali kulichula FIFA, ngakhale kuti linasintha dzina kukhala EA Sports FC mu 2023, silifuna mphamvu zotere. Pa FC 24 opanga ake analangiza kacipangizo ka GTX 1660, kamene kanaturuka mu 2019, ndipo laputopu yotsika koposa ya RTX 50 imakapitirira kutali. Mitundu yochipa monga Lenovo LOQ, Acer Nitro, HP Victus ndi ASUS TUF inapangidwira anthu otere, ndipo makina a m'badwo wapita wa RTX 40, amene anaturuka mu 2023, akali okwanira pa masewero ambiri ndi pa mapulogalamu a kusukulu. Kumene opanga amadulako ndalama pa makina ochipawa ndi pa sikirini yosawala kwenikweni, thupi la pulasitiki ndi batire yaing'ono.

Otsala ndi mafunso amene sapezeka pa mndandanda wa manambala. Laputopu yogulidwa ku America, ku Dubai kapena ku Johannesburg ingakhale ndi citsimikizo cokonzera cimene cimagwira nchito m'dziko logulidwamo lokha, ndipo ikaonongeka mwini wake ayenera kuitumiza kumeneko ndi ndalama zake. Ena amagulitsa makina opanda Windows kuti mtengo uoneke wotsika, ndipo ena amagulitsa makina obwezedwa ndi kukonzedwanso ngati kuti ndi atsopano, kotero lisiti yolembedwa nambala ya makinawo ndi nthawi ya citsimikizo n'jofunika kuisunga. Machaja a masiku ano amalandira magetsi a mavoti 100 kufika 240, conco a kuno a mavoti 230 sawaononga, koma nthambo yocokera ku America imafunika kusinthidwa kuti ilowe m'soketi ya mano atatu. Chajayo ikapsa ndi magetsi obwera mwadzidzidzi pambuyo pa kuthima, si cinthu cimene munthu angabwereke kwa mnansi, pakuti kampani iliyonse ili ndi kamwa yakeyake, ndipo chaja ya USB-C, pa makina amene amailandira, kawirikawiri imapereka mawati 100 kapena 140 okha, okwanira kulemba ndi kuwerenga koma osakwanira kuti makinawo asewere ndi mphamvu zake zonse.